Nsomba Zikayamba Kufa m'Dziwe la Pakhomo: Kabuku Kothandiza Kuzindikira Matenda a Goldfish

Mawu oyamba

Mwadzuka m'mawa kukathirira maluwa, ndiye mwapeza nsomba imodzi ikuyandama chagada m'dziwe. Zinzake zaunjikana pakona ndipo sizikubwera kudzadya. Zikatere, anthu ambiri amathamangira kusitolo kukagula mankhwala. Ena amakhuthula madzi onse n'kukwecha dziwe ndi sopo. Njira zonse ziwirizi zimamaliza nsomba zimene zikanatha kupulumuka.

Kabuku kano talembera mabanja amene ali ndi dziwe laling'ono la nsomba zokongoletsa pakhomo. Talemberanso abale athu amene amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo a anthu, kaya ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Harare, Johannesburg kapena ku Britain. Iwowa ndi amene amayamba kuona kuti m'dziwe zinthu sizili bwino, ndiponso ndi amene amafunsidwa chimene chachitika.

Mfundo yaikulu ya kabukuka ndi imodzi. Nsomba imapuma m'madzi omwewo amene imadyeramo ndi kuchitiramo chimbudzi, ndipo ilibe kothawira. Madzi akaipa, nsomba imafooka, ndipo tizilombo timene tinalimo kale timapeza mpata. Choncho yambani mwafufuza madzi, kenako thupi la nsomba. Mankhwala abwere pomalizira.

1. Idziweni nsomba yanu ikadali bwino

Goldfish ndi m'bale wake wa nsomba ya carp. Anthu a ku China anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo akatswiri amaitchula kuti Carassius auratus. Ikamasamalidwa bwino m'dziwe imakhala zaka 10 mpaka 20. Ngati zanu zikufa zisanathe chaka kapena ziwiri, pali chimene chikuzipha. Imasangalala m'madzi ozizira bwino, a madigiri 18 mpaka 24. Kuzizira imapirira kwambiri kuposa chambo, koma madzi akafika madigiri 30 imayamba kuvutika.

Nsomba yathanzi imasambira mowongoka, zipsepse zake zili zotambasuka, makamaka cha pamsana. Imathamangira chakudya ndipo imayenda ndi zinzake. Mamba ake ndi osalala, maso ndi owala. Makha ake, tiziwalo tija ta m'mbali mwa mutu timene imapumira, amakhala ofiira bwino ngati nyama yaiwisi.

Nthawi yodyetsa ndiyo nthawi yabwino yoyendera nsomba. Imani mphindi zisanu, muziwerenge, muone imene yatsalira m'mbuyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene amaziona tsiku ndi tsiku amazindikira vuto masiku angapo nsomba yoyamba isanafe.

2. Mafunso asanu musanachite chilichonse

Mmene nsomba zaferamo mumapezeka yankho lalikulu. Dzifunseni mafunso awa, ndipo mayankho ake muwalembe.

Zafa zingati, ndipo pa nthawi yaitali bwanji? Nsomba zambiri zikafa usiku umodzi kapena m'maola ochepa, ganizirani za mpweya, poizoni kapena madzi a pampopi. Matenda sapha mwachangu chotero. Zikamafa imodziimodzi kwa masabata awiri kapena atatu, chiwerengero n'kumakwera, ganizirani za tizilombo kapena madzi amene akuipa pang'onopang'ono. Ikafa imodzi yokha, zinzake zikudya bwino, mwina inali yokalamba, yovulala kapena yodwala m'kati.

Zafa zotani? Mpweya ukachepa, kawirikawiri zikuluzikulu ndi zimene zimayamba kufa. Zikafa zazikulu ndi zazing'ono zomwe, pamodzi ndi achule, ambululu ndi tizilombo ta m'madzi, m'dziwemo mwalowa poizoni.

Zafa nthawi yanji? Imfa ya m'bandakucha, makamaka kukatentha kapena magetsi akazima usiku pampu ya m'dziwe n'kuima, imaloza ku mpweya.

Chatsopano n'chiyani m'masabata anayi apitawa? Kumbukirani bwino: nsomba zatsopano, zomera zochokera kwina, madzi owonjezera, kutsuka sefa yosefera madzi a m'dziwe, kupopera mankhwala, feteleza pa kapinga, penti, simenti, mvula yamphamvu, kapena mlendo amene anadyetsa nsomba mopitirira muyeso.

Zafa kapena zasowa? Ngati mitembo simukuiona, ndipo zotsalazo zikubisala pansi mwamantha, kwabwera mdani. Kwathu kuno akakowa, nantchengwa, ng'azi, katumbu ndi amphaka onse amadya nsomba. Mbalame yaikulu ikaphonya imasiya bala lobooka kapena mizere iwiri m'mbali mwa nsomba. Ukonde woyala pamwamba pa dziwe ndi mapaipi obisalamo pansi zimathandiza.

3. Mavuto a m'madzi

Madzi oyera mbee akhoza kukhala akupha, pamene madzi obiriwira akhoza kukhala abwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maso okha sangakuuzeni zonse, n'chifukwa chake banja lililonse lokhala ndi dziwe liyenera kukhala ndi zoyezera madzi. Zimagulitsidwa m'masitolo a ziweto ndi a maluwa, zina ndi timapepala toviika, zina ndi timabotolo todontheza. Pezani zoyeza amoniya, nitrite, nitrate ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi), komanso choyezera kutentha.

Kuchepa kwa mpweya

Nsomba zimasonkhana pamwamba n'kumayasamula kukamwa, kapena zimaunjikana pamene madzi akugwera. Madzi otentha amasunga mpweya wa okosijeni wochepa. Pa madigiri 20, lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, koma pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe ndi Johannesburg imasunga wocheperapo. Pamene madzi akutentha, thupi la nsomba limafunanso mpweya wambiri.

Masana ndere ndi zomera za m'madzi zimatulutsa okosijeni. Usiku zimaugwiritsa ntchito pamodzi ndi nsomba ndi matope owola a pansi. Ndiye dziwe lobiriwira kwambiri limakhala ndi mpweya wochuluka madzulo, koma pofika m'bandakucha umakhala utatsala pang'ono kutha. Masiku a mitambo, otentha, opanda mphepo ndi oopsa kwambiri. Musamazimitse pampu usiku pofuna kupulumutsa magetsi, chifukwa usiku ndi pamene imafunika koposa. Magetsi akazima, tungani madzi a m'dziwe momwemo ndi ndowa, muwatsanulire m'dziwe kuchokera m'mwamba, mobwerezabwereza.

Amoniya

Amoniya amachokera m'makha ndi m'ndowe za nsomba, m'chakudya chotsala ndi m'masamba owola. M'dziwe lokhazikika muli mabakiteriya abwino amene amakhala m'sefa ndi m'makoma. Iwowa amasandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako nitrite kukhala nitrate, amene si woopsa kwambiri ndipo zomera zimamudya. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke m'dziwe latsopano. Amafa mukatsuka sefa ndi madzi a pampopi, mukathira mankhwala ena, kapena pampu ikaima maola ambiri.

Amoniya amaotcha makha ndi khungu. Nsomba imapinda zipsepse, imakhala pansi, imapuma mofulumira, ndipo m'zipsepse mumaoneka timizere tofiira. Choyezera chiyenera kuonetsa 0. Madzi akatentha, kapena pH ikakwera, amoniya yemweyo amapha msanga.

Nitrite

Nitrite amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya. Nsomba imabanika ngakhale pampu ikuyenda bwino, ndipo makha amasanduka abulawuni ngati chokoleti. Nayenso ayenera kukhala pa 0. Kusintha madzi ndi kuthira mchere pang'ono, galamu imodzi pa lita, kumateteza nsomba pamene mabakiteriya abwino akuchuluka. Nitrate musamulole kupitirira mamiligalamu 40 pa lita.

Kolorini

Madzi a pampopi amathiridwa kolorini kuti anthu amwe bwino, koma kwa nsomba ndi poizoni. Tsoka lofala ndi la paipi imene yaiwalidwa ikuthira m'dziwe usiku wonse. Nsomba zimathamangathamanga, zimalumpha, makha amatuwa, ndipo zimafa m'maola ochepa. Tungani madzi m'mgolo woyera, akhale tsiku limodzi kapena awiri mukuwavundula, kenako muthire m'dziwe. M'mizinda ina ya ku South Africa ndi ku Britain amathira chloramine, amene sachoka ngakhale madzi akhale masiku. Kumeneko gulani mankhwala ochotsa kolorini. Madzi a pamjigo ndi a m'chitsime alibe kolorini, koma amabwera ndi mpweya wochepa, choncho athireni mowaza.

pH ndi simenti

Goldfish imakhala bwino pH ikakhala pakati pa 7 ndi 8.5. Chimene imadana nacho kwambiri ndi kusintha kwadzidzidzi. Dziwe la simenti yatsopano limatulutsa laimu amene amakweza pH n'kuotcha khungu la nsomba. Lidzazeni madzi, akhale sabata, muwataye, mubwereze kangapo, ndipo muyeze pH musanaikemo nsomba.

Poizoni wochokera kunja

Mankhwala opopera mbewu monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale atagweramo timadontho tochepa. Chimodzimodzi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, a chiswe, ndi madzi ochapira neti yonyikidwa m'mankhwala. Musatunge madzi a m'dziwe ndi ndowa kapena kheni imene munasungunuliramo mankhwala kapena sopo. Ombwe, chitsamba chija cha Tephrosia chimene alimi amabzala pobwezeretsa chonde m'nthaka, masamba ake ndi poizoni wa nsomba, choncho chikhale kutali ndi dziwe. Mvula yoyamba imakokolola feteleza, mafuta a galimoto ndi fumbi la padenga. Mangani kamlambala kuti madzi a pabwalo asalowe m'dziwe.

4. Zochita tsiku loyamba

Ngakhale musanadziwe chimene chavuta, zinthu izi zimathandiza ndipo sizipweteka nsomba.

1. Chotsani nsomba zakufa zonse. Fufuzaninso pansi ndi m'zomera, pakuti ikawola imodzi imaononga madzi a zonse.
2. Tungani madzi a m'dziwe m'botolo loyera musanasinthe kanthu, kuti muwayeze.
3. Lekani kudyetsa kwa masiku awiri kapena atatu. Nsomba yaikulu siifa ndi njala ya masiku amenewa, koma chakudya chimawonjezera amoniya.
4. Wonjezerani mpweya usana ndi usiku.
5. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, mubwezeremo abwino opanda kolorini, otentha mofanana ndi a m'dziwe. Bwerezani tsiku lililonse mpaka amoniya ndi nitrite afike pa 0.
6. Ngati mukutsimikiza kuti mwalowa poizoni, samutsirani nsomba m'beseni lalikulu la madzi abwino, pamthunzi, lovundikira ndi ukonde, kenako musinthe madzi ambiri a m'dziwe.
7. Musathire mankhwala aliwonse mpaka mutaona chizindikiro chenicheni cha matenda.

5. Kuyang'ana thupi la nsomba yodwala

Igwireni ndi kaukonde, muiike m'beseni loyera la madzi a m'dziwe momwemo, pamalo owala. Ngati muyenera kuigwira ndi manja, anyowetseni kaye, chifukwa manja ouma amachotsa utelezi umene umateteza khungu lake. Muli ndi bala m'manja? Valani magolovesi, popeza tizilombo tina ta nsomba timalowa pabala n'kuyambitsa zilonda zochedwa kupola. Yang'anani mbali zonse ziwiri, pamimba, m'kamwa, zipsepse ndi makha. Jambulani ndi foni kuti mukaonetse alangizi a zausodzi.

Timadontho toyera ngati yawazidwa mchere. Awa ndi matenda a white spot, oyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius. Nsomba imadzikhula kukhoma ndi kumiyala. Kachilomboka kakakhwima kamachoka pa nsomba, kamagwera pansi n'kuswa ana mazanamazana. Mankhwala amapha ana osambirawo okha, sapha kamene kali m'khungu. N'chifukwa chake muyenera kuchiza dziwe lonse, ndi kupitiriza kwa masiku angapo madontho atatha. M'madzi ofunda, ulendo wa kachilomboka umatha pafupifupi sabata. M'madzi ozizira umatenga masabata angapo.

Kudzikhula popanda madontho, khungu lotuwa ngati lapakidwa phala, kupuma mofulumira. Yambani mwayeza amoniya ndi pH. Ngati madzi ali bwino, ganizirani za tinyongolotsi ta pakhungu ndi m'makha, timene amati flukes, kapena tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Dokotala wa ziweto amapala utelezi pang'ono n'kuuyang'ana pa maikulosikopu. Mankhwala a flukes ndi praziquantel wopangidwira nsomba.

Kanthu kobulungira, kophwatalala, kooneka ngati kagalasi, kakuyenda pa khungu. Imeneyi ndi nsabwe ya nsomba, Argulus, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Imaboola khungu n'kumayamwa. Ichotseni ndi kambaniro. Imaikira mazira pa miyala ndi pa zomera, kotero dziwe lonse limafuna mankhwala ake.

Kaulusi kolendewera pa thupi, pamene kalowera pali pofiira. Aka ndi ka anchor worm, Lernaea, kotalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Mutu wake umakhala wozikika m'mnofu. Gwirani pafupi ndi khungu, muzule mofatsa kuti mutu usatsalire, ndipo pabalapo mupake ayodini wa pazilonda. Ayodiniyo asafike m'maso kapena m'makha.

Zoyera ngati thonje. Ichi ndi chuku cha m'madzi, Saprolegnia. Chimamera pamene pali kale bala kapena pa nsomba yofooka ndi kuzizira. Chizani chukucho ndi mchere kapena mankhwala ake, koma funsaninso chimene chinavulaza nsombayo.

Zipsepse zong'ambika, zodyeka m'mphepete. Mabakiteriya ndi amene amadya zipsepse, ndipo amachuluka m'madzi auve kapena m'dziwe lothithikana. Mukakonza madzi msanga, zipsepse zimameranso.

Zilonda zofiira. Kawirikawiri zimayamba ndi mabakiteriya a Aeromonas amene amalowa pamene nsabwe, mbalame kapena ukonde zinavulaza. Kachilonda kakang'ono kamapola ndi madzi oyera, mchere ndi ayodini. Chilonda chozama chimafuna dokotala wa ziweto. Musaphwanyire makapisozi a anthu m'dziwe. Amapha mabakiteriya abwino a m'sefa, ndipo amathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala amene ife tomwe timadalira tikadwala.

Pali matenda ena a zilonda oopsa kwambiri otchedwa EUS. Anatsimikizidwa mumtsinje wa Zambezi mu 2007, ndipo mu 2020 anapezeka ku Mchinji, kumene anagwira nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu a alimi. Amakonda nyengo yozizira, ndipo goldfish nayo imatha kudwala. Nsomba zingapo zikachita zilonda zozama nthawi imodzi, makamaka ngati munathira madzi a mumtsinje kapena munaikamo nsomba za kumeneko, dziwitsani ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu. Musasamutse nsomba, ndipo madzi a m'dziwe musawatayire ku ngalande.

Mimba yotupa, mamba atatukuka ngati khungu la chinanazi, maso atatong'oka. Apa impso zalephera ndipo thupi ladzaza madzi. Ipatuleni m'beseni lakelake. Nsomba zambiri zikafika pamenepa sizichira. Ngati mimba ndi yaikulu koma mamba ali osalala ndipo ikudya bwino, mwina ndi yaikazi imene ili ndi mazira.

Kuyandama chammbali kapena kulephera kumira. Izi zimachitika kwambiri ndi goldfish za thupi lobulungira ndi michira iwiri. Lekani kuidyetsa masiku atatu, kenako muipatse nsawawa zophika zochotsa khungu. Ikapanda kusintha, vuto lili m'kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake.

6. Zooneka ngati matenda koma zili bwinobwino

Madzi akayamba kufunda, zazimuna zimathamangitsa yaikazi m'mawa, kuikankhira ku zomera mpaka madzi kuchita thovu. Kumeneko n'kuswana. Nthawi yomweyo zazimuna zimatuluka timadontho toyera pa zivundikiro za makha ndi pa zipsepse za m'mbali. Timeneti timakhala pamalo amenewa pokha, tondandalikana bwino, pamene white spot imamwazikana thupi lonse. Kuswana kukatha, yang'anani ngati yaikazi yavulala, ndipo yezani madzi, chifukwa mazira owola amakweza amoniya.

Ana a goldfish amabadwa akuda kapena abulawuni, ndipo amafiira akamakula. Mawanga akuda amene atuluka pa nsomba yofiira nthawi zambiri ndi khungu limene likupola litapsa ndi amoniya. M'nyengo yozizira nsomba zimakhala pansi osadya kwenikweni, ndipo zimenezi n'zachibadwa malinga zipsepse ndi khungu zili bwino.

7. Muyeso wa mchere ndi mankhwala

Simungathire muyeso woyenera musanadziwe kuchuluka kwa madzi. Yezani m'litali, m'lifupi ndi kuya pa mamita, muchulukitse zitatuzo, kenako muchulukitse ndi 1,000. Dziwe la mamita 2 m'litali, 1.5 m'lifupi ndi 0.6 kuya lili ndi malita 1,800, zimene ndi ndowa 90 za malita 20. Lembani nambala ya dziwe lanu pamalo osaiwalika.

Mchere wamiyala wopanda zosakaniza ndi mankhwala otsika mtengo amene amathandiza pa white spot, chuku ndi zilonda zazing'ono. Muyeso wake ndi magalamu 3 pa lita, kutanthauza makilogalamu 3 pa malita 1,000. Dziwe la malita 1,800 lija likufuna makilogalamu 5.4. Ugaweni patatu, muzithira gawo limodzi patsiku kwa masiku atatu, mutausungunula kaye mu ndowa. Ukhalemo masabata awiri, kenako muuchotse posintha madzi pang'onopang'ono. Mchere suuluka ndi dzuwa. Mukawonjezera madzi olowa m'malo mwa amene auma, musawonjezere mchere. Zomera zambiri za m'madzi zimafa nawo, choncho zichotseni kaye, ndipo madzi amcherewo musathirire maluwa kapena ndiwo zamasamba.

Pa mankhwala ogula, werengani malangizo onse, thirani m'mawa kuti muziona nsomba tsiku lonse, ndipo wonjezerani mpweya chifukwa ena amachepetsa okosijeni. Musasakanize mitundu iwiri. Malizani masiku onse olembedwa. Asungeni kutali ndi ana.

8. Nsomba yakufa ndi imene singachire

Nsomba imaonongeka msanga ikafa, ndipo tizilombo ta pakhungu timachokapo m'kanthawi kochepa. Mukapita kwa alangizi kapena kwa dokotala, tengani yodwala ikadali moyo, m'ndowa ya madzi ake, pamodzi ndi botolo lina la madzi a m'dziwe. Ngati yangofa kumene, ikulungeni m'pepala la pulasitiki, muiike pa ayezi, koma isaume gwa m'firiji. Ku Malawi mungafunse ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu. Akatswiri a ulimi wa nsomba aliponso ku Domasi ku Zomba ndi ku Bunda, ku sukulu ya ukachenjede ya LUANAR.

Pa nsomba imene yangofa, tsegulani chivundikiro cha makha. Ofiira bwino ndi athanzi. Abulawuni akuloza ku nitrite. Otuwa, odyeka kapena odzaza utelezi akuloza ku amoniya, kolorini kapena tizilombo. Kukamwa kukakhala koyasamula ndipo makha ali otambasuka, inafa ikusowa mpweya.

Mitembo ikwirireni mozama kapena muitenthe. Musapatse mphaka, galu, nkhuku kapena nkhumba, ndipo munthu asadye. Nsomba imene ikuvutika popanda chiyembekezo musaisiye padzuwa kapena kuitaya yamoyo m'chimbudzi. Mafuta a clove, amene amagulitsidwa m'mafamase, amaigoneka mpaka kufa mosamva ululu. Sakanizani mamililita 0.4 pa lita imodzi ya madzi, mutawakhutchumula kaye m'kabotolo ka madzi ofunda. Thirani pang'onopang'ono, ndipo muisiye mmenemo kwa theka la ola makha atasiya kugunda.

9. Nyengo zofunika kusamala

Ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, miyezi ya October ndi November ndiyo yoopsa. Madzi amatentha ndi kuphwa, magetsi amavuta, kenako mvula yoyamba imabwera ndi zinyalala. Ikani mthunzi pa theka la dziwe, chepetsani chakudya, ndipo chotsani matope a pansi nyengoyi isanafike. Mu June ndi July dyetsani pang'ono, masana kukafunda.

Kumene kumazizira kwambiri, monga ku Britain ndi ku Johannesburg m'nyengo ya chisanu, lekani kudyetsa madzi akatsika pansi pa madigiri 8. Pamwamba pa dziwe pakaundana, musamenye ndi hamala chifukwa kugundako kumavulaza nsomba. Ikani poto wa madzi otentha pamwambapo kuti asungunule kabowo kotulukira mpweya woipa. Kukayamba kufunda, tizilombo timadzuka msanga thupi la nsomba lisanapeze mphamvu, ndiye imeneyo ndi nthawi yoziyang'anitsitsa.

10. Kupewa

Musachulukitse nsomba. Poyambira pabwino ndi nsomba imodzi pa malita pafupifupi 200, podziwa kuti zidzakula ndi kuswana. Dziwe likhale ndi malo ozama masentimita 60 kapena kuposa, kuti madzi asamatenthe ndi kuzizira mwadzidzidzi.

Dyetsani chakudya chimene zingamalize m'mphindi zitatu, kamodzi kapena kawiri patsiku. Mkute wa nsima ndi buledi zimawola m'madzi. Chakudya cha nsomba chimene chachita chuku chitayeni. Alimi a chambo amathira manyowa m'madamu awo akuluakulu kuti mumere chakudya cha nsomba, koma m'kadziwe ka simenti manyowa amapha.

Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi ndipo vuulani masamba ogweramo. Sefa muziitsuka mu ndowa ya madzi a m'dziwe.

Nsomba yatsopano ikhale payokha masabata anayi, ndi kaukonde ndi ndowa yakeyake. Zomera za kudambo ndi kumtsinje zimabwera ndi misundu, nsabwe za nsomba ndi nkhono, zina mwa izo zofalitsa likodzo, choncho gulani zomera zoleredwa kunazale. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, tchingani dziwe, pakuti mwana amamira ngakhale m'madzi osaya.

Nsomba zikakuchulukirani, kapena mukusamuka, musazitaye mumtsinje, m'dambo kapena m'damu. Goldfish ndi yachilendo kuno. Ikalowa m'madzi athu imaswana, imavundula matope, ndipo imanyamula matenda kupita nawo kwa nsomba zimene mabanja amadalira pa ndiwo ndi ndalama. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba, monga mbuna, imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Perekani nsombazo kwa wina amene ali ndi dziwe lotsekeka, kapena funsani alangizi a zausodzi.

11. Kope la dziwe

Gulani kope laling'ono, muziliika pafupi ndi chakudya cha nsomba. Patsamba loyamba lembani malita a dziwe, chiwerengero cha nsomba, ndi nambala ya foni ya mlangizi kapena dokotala wa ziweto. Sabata iliyonse lembani kutentha kwa madzi, zotsatira za kuyeza, tsiku losintha madzi, ndi chilichonse chatsopano chimene chalowa m'dziwe kapena chapoperedwa pafupi. Mwini nyumba ndi wosamalira maluwa azilemba m'kope limodzimodzilo, ndipo azidziwitsana asanapopere mankhwala kapena kugula nsomba zina.

Tsiku limene nsomba idzapezeke chagada, tsegulani kopelo muwerenge masabata anayi apitawo. Nthawi zambiri chimene chaipha chimakhala cholembedwa kale mmenemo, ndipo mudzadziwa pamene mungayambire kuti zotsalazo zipulumuke.